Ngozi pa nchito yodula mitengo: ndani ateteza munthu amene ali m'mwamba?

Mwezi wa Okutobala ukafika, pomwe maluwa a jacaranda ayoyoka m'miseu ya mu Lusaka ndipo mitambo iyamba kusonkhana, phokoso la makina a chainsaw limamveka m'madera monga Kabulonga, Woodlands, Rhodes Park ndi Chelstone. Eni nyumba amafuna kuti nthambi zolendewera pa madenga ndi pa mipanda zicotsedwe mvula ya mkuntho isanagwe. Imeneyi ndiyo nyengo imene odula mitengo amapeza ndalama, komanso ndiyo nyengo imene ambiri a iwo amaika moyo wao pa ciswe.

Mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu la dziko mu 1935, unakonzedwa kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi maluwa. Mitengo yambiri imene inabzalidwa zaka za m'mbuyomo tsopano ndi yaikulu ndiponso yokalamba. Bulugamu, jacaranda, mango ndi kotapela zaima pakati pa nyumba, mipanda ndi nthambo za magetsi, malo amene mtengo sungagwetsedwe wathunthu. Pafunika munthu woti akwere ndi kuudula pang'onopang'ono kuyambira kumwamba. Cimodzimodzinso ku Ndola, Kitwe, Kabwe ndi Chipata.

Kawirikawiri munthu ameneyu sacokera ku kampani yodziwika. Ndi mnyamata kapena bambo amene anakhoma cikwangwani ca nambala yace ya lamya pa mtengo wa m'mbali mwa mseu. Amafika ndi chainsaw yobwereka kapena cikwanje, cingwe cimodzi ndi mnzace womugwirira. Amakwera wopanda cisoti, nthawi zina wopanda nsapato. Akagwa, acibale ndi anansi amati linali tsoka. Koma zimene zapezeka m'maiko amene amalemba ngozi zotere zionetsa kuti ngozi za pa nchito imeneyi zimabwera m'njira zodziwika kale, ndipo pafupifupi njira iliyonse ili ndi coipewera.

Ngozi zodziwika kale

Ngozi yoyamba ndi kugwa. Munthu akagwa kucokera pa mtunda wa mamita 10 amafika pansi pa liwiro la makilomita 50 pa ola, monga galimoto yoyenda m'tauni. Amene wapulumuka imfa kawirikawiri amakhala atathyoka msana kapena ciuno, ndipo sangabwererenso pa nchito ya manja. Zimene zimagwetsa anthu ndi nthambi youma imene yathyoka, makwerero amene aterereka, kapena kudula mwangozi cingwe cimene cinali kuwagwira. M'dziko muno palinso ciswe cimene cimadya mtengo mkati khungwa likuoneka labwino, ndiponso njuci ndi njoka zimene zingadzidzimutse munthu ali m'mwamba.

Ngozi yaciwiri ndi kugweredwa. Mtengo wauwisi wa bulugamu umalemera pafupifupi tani imodzi pa kiyubiki mita iliyonse. Cipika cotalika mamita awiri ndi kunenepa masentimita 30 cimalemera makilogalamu pafupifupi 140, kutanthauza pafupifupi matumba atatu a simenti. Cipika cotere cikagwa kucokera pamwamba, wogwira cingwe pansi, mwana woonerera kapena munthu wodutsa pa mseu sangapulumuke. Nthambi yopindika imene yapanikizika imathanso kubwerera mwamphamvu monga uta ikangodulidwa. Mtengo wodulidwa umene wakodwa pa unzace ndi msampha wina, cifukwa umagwa nthawi imene munthu walowa pansi pace kuti aumasule.

Ngozi yacitatu ndi makina enieniwo. Cheni ya chainsaw imayenda mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Nsonga ya kumtunda ya mpeni wace ikakhudza cinthu colimba, makinawo amabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi kulunjika kumaso, kukhosi kapena paphewa la wogwira. Ndiye cifukwa cace chainsaw imakhala ndi buleki yoimitsa cheni nthawi yomweyo. Koma makina akale amene akonzedwa kambirimbiri nthawi zambiri buleki yao inafa kale. Cheni ikaceka mtsempha waukulu wa pa nchafu, munthu angathe kufa m'mphindi zocepa cabe cifukwa cotaya magazi, galimoto yopita ku cipatala isanapezeke.

Palinso zovulaza zimene sizioneka tsiku limodzi. Phokoso la chainsaw limapitirira madesibelo 100, pomwe akatswiri a zaumoyo amati phokoso lopitirira madesibelo 85 limaononga makutu a munthu wolimva tsiku ndi tsiku. Kunjenjemera kwa makina nako kumaononga mitsempha ya m'manja, mpaka zala kucita dzanzi kosatha.

Nthambo za magetsi

M'mizinda ya m'dziko muno ngozi ina yaikulu ndi magetsi. Nthambo za ZESCO zimene zimadutsa m'madera okhala anthu si zonse zili ndi mphamvu yofanana ndi ya m'nyumba. Zina zimanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000. Pa mphamvu yotere munthu safunika kukhudza nthambo ndi dzanja kuti apse. Nthambi yauwisi, cingwe conyowa kapena makwerero acitsulo zingathe kupititsa magetsi, ndipo magetsiwo angathe kulumpha kamtunda kakang'ono kudutsa mumpweya.

Kuzimazima kwa magetsi kwaonjezera vuto limeneli. Mu 2024, pomwe cilala cinacepetsa madzi pa dziwe la Kariba, nyumba zambiri zinali kukhala maola 17 kapena kupitirira pa tsiku popanda malaiti. Nthawi zotere zimaphunzitsa anthu cizolowezi coopsa coganiza kuti nthambo ilibe moto cifukwa m'nyumba muli mdima. Magetsi angabwere mphindi iliyonse popanda cenjezo. Kuonjezera apo, jenereta kapena makina a sola olumikizidwa molakwika pa nyumba ina angathe kubweza magetsi m'nthambo imene anthu akuiyesa yakufa. Nthambo imakhala yotetezeka pokhapokha eni ace a ZESCO ataizimitsa ndi kutsimikiza kuti siiyatsidwa mpaka nchito itatha.

Zimene maiko ena anacita

Nchito yodula mitengo ndi yoopsa ngakhale m'maiko olemera. Ku United States, ofesi ya boma yoona za ziwerengero za anchito inapeza kuti mu 2022 odula mitengo m'nkhalango anali kufa pa mlingo wa anthu pafupifupi 100 mwa anchito 100,000 alionse, pomwe mlingo wa nchito zonse pamodzi unali wosakwana anthu anai. Ku Britain, bungwe la boma loona za citetezo pa nchito la Health and Safety Executive linapeza kuti pa zaka khumi zimene linaunika, akatswiri okonza mitengo 24 anafa ndipo ena pafupifupi 1,400 anavulala. Zifukwa zikuluzikulu zinali zomwezo: chainsaw, kugwa, ndi kugweredwa ndi mitengo.

Cimene cimasiyanitsa Britain ndi Zambia ndi cakuti kumeneko ngozi zimenezi zimalembedwa, zimafufuzidwa, ndipo zotuluka zace zimasanduka malamulo. Munthu wogwiritsa nchito chainsaw pa mitengo monga nchito yace amayembekezeka kuphunzira ndi kukhala ndi satifiketi yotsimikiza luso lace. Malamulo a mu 2005 okhudza nchito za pamalo okwera amati kukwera kukhale njira yotsiriza, pamene nchitoyo singagwirike munthu ali pansi kapena ali m'makina omukweza. Zingwe ndi malamba okwerera zimaunikidwa ndi katswiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Wokwera amayembekezeka kumangika pa malo awiri osiyana, kuti cingwe cimodzi cikaduka cina cimugwire. Cacikulu koposa, saloledwa kukwera popanda munthu wina pansi amene anaphunzira kukwera ndi kutsitsa mnzace wovulala, cifukwa munthu wolendewera pa cingwe atakomoka kapena akutaya magazi sangadikire ozimitsa moto.

Bungwe loona za anchito pa dziko lonse la ILO linafalitsa malangizo a citetezo pa nchito za m'nkhalango mu 1998, ndipo mu 2024 akatswiri anagwirizana pa malangizo atsopano. Mwa mfundo zodziwika pa nchito imeneyi ndi yakuti pogwetsa mtengo munthu wina aliyense akhale kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, ndiponso kuti wodula akonzeretu njira yothawira asanayambe kuceka. Wodula waluso amayamba ndi kuboola kamwa ku mbali imene afuna kuti mtengo ugwere, kenaka amaceka kumbuyo ndi kusiya kacigawo kosadulidwa kamene kamaongolera mtengo pogwa monga mahinji a citseko. Amene amaceka mtengo wonse mpaka kuudutsa amasiya mphepo kuti isankhe kumene ugwere.

Lamulo lifika pati?

Dziko la Zambia silisowa malamulo a citetezo pa nchito. Mu 2010 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Occupational Health and Safety Act, limene linaika pa wolemba anchito udindo woonetsetsa kuti malo ndi zida za nchito n'zotetezeka, kuphunzitsa anchito ace, ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera ndi ndalama zace. Linalamulanso kuti pamalo pamene pali anchito khumi kapena kupitirira pakhale komiti yoona za citetezo, ndipo linapatsa ngakhale munthu wodzilemba yekha udindo wosaika anthu ena pangozi. Mu 2013 dziko lino linavomereza mapangano awiri a ILO, nambala 155 ndi nambala 187, amene mu 2022 anaikidwa pa gulu la mapangano a maziko a ufulu wa anchito.

Pa nkhani ya cipepeso pali bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace lili ku Ndola. Lamulo la mu 1999 linakonza kuti olemba anchito azilembetsa ndi kupereka ndalama ku thumba limeneli, ndipo wanchito akavulala wolemba adziwitse bungweli m'masiku atatu. Kucokera m'thumba limeneli wovulala amalipiriridwa cipatala ndi kulandira ndalama malinga ndi kulumala kwace, ndipo akafa mkazi ndi ana amathandizidwa.

Vuto ndi lakuti dongosolo lonseli linamangidwa poganizira munthu amene ali ndi bwana wodziwika, malo a nchito odziwika ndi dzina lolembedwa m'buku la malipiro. Mbiri ya dziko lino ifotokoza cifukwa cace. Citetezo ca pa nchito cinakulira m'migodi ndi m'mafakitale. Bungwe la Occupational Health and Safety Institute la ku Kitwe linayamba monga malo opimira mapapu a anchito a m'migodi. Ngozi zimene dziko limakumbukira ndi zija zinapha anthu ambiri nthawi imodzi, monga ya pa mgodi wa Mufulira mu 1970 pomwe anthu 89 anafa, ndi kuphulika kwa fakitale ya mabomba ophwanyira miyala ku Chambishi mu 2005 kumene kunapha anchito oposa 40. Ngozi zotere zimabweretsa kafukufuku ndi mikangano m'nyumba ya malamulo. Wodula mitengo amafa yekha, kuseri kwa mpanda wa nyumba ya munthu, ndipo ku cipatala amalembedwa monga munthu amene anagwa mumtengo basi.

Kafukufuku wa bungwe la boma loona za ciwerengero waonetsa kwa zaka zingapo kuti anthu oposa awiri mwa atatu alionse ogwira nchito m'dziko muno ali pa nchito zosalembetsedwa. Odula mitengo ambiri a m'tauni ali m'gulu limeneli. Amene amagwira nchito pa kampani yaikulu monga ZAFFICO, imene ili ndi minda ya paini ndi bulugamu ku Copperbelt, ali ndi wolemba nchito amene lamulo lingamufunse. Wa ganyu ya tsiku limodzi alibe. Mwini nyumba amamuona monga munthu wodziimira payekha, mwini chainsaw amati iye anangobwereketsa makina, ndipo thumba la cipepeso silimudziwa. Ndalama za cipatala, njinga ya olumala kapena bokosi la maliro zimagwera banja.

Zofanana ndi zimenezi zimacitikanso kumidzi. Pomwe malonda a mitengo ya mukula anakula m'zaka za m'ma 2010, nkhani inali pa ndalama zimene dziko linali kutaya ndi kutha kwa mtengowo, umene mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES wa zacilengedwe zimene malonda ace ayenera kuyang'aniridwa. Za anyamata amene anali kugwetsa mitengoyo ndi kunyamula zipika zolemera pamapewa kukakweza m'malole sizinakambidwe kwenikweni. Lamulo la nkhalango la mu 2015 linalembedwa kuti liteteze nkhalango ndi kuongolera zilolezo. Funso lakuti wogwira chainsaw anaphunzira kapena ai limatsalira ku malamulo a anchito, amene oyendera ace safika m'nkhalango kawirikawiri.

Udindo wa mwini nyumba

Popeza boma silioneka pamalo pamene pangano limacitikira, munthu amene ali ndi mphamvu pa tsikulo ndi mwini nyumba. Iye ndiye amasankha pakati pa wodula wa mtengo wotsika ndi wina amene wachula ndalama zambiri cifukwa abwera ndi zingwe, zisoti ndi anthu okwanira. Malinga ngati ogula apitiriza kusankha wochipa, amene amagula zida zodzitetezera ndiye amaluza msika, ndipo anzace amaphunzira kuti citetezo sicilipira.

Pali mafunso ocepa amene mwini nyumba angafunse nchito isanayambe. Kodi nthambi zili pafupi ndi nthambo za magetsi, ndipo ngati zili pafupi, a ZESCO auzidwa? Kodi wokwera adzamangika ndi ciani, ndipo ndani adzamutsitsa akavulala? Kodi buleki ya chainsaw igwira nchito? Kodi ana, ziweto ndi odutsa pa mseu acotsedwa pamalopo? Kodi pali galimoto yokonzeka ndi nsalu zoyera zomangira bala? Palibe funso limodzi mwa amenewa limene lifuna ndalama zambiri. Kuletsa nchito pa tsiku la mphepo kapena la mvula, kukana wodula amene wamwa mowa, ndi kusakakamiza anthu kumaliza dzuwa litalowa, zonsezi n'zaulere.

Eni nyumba ayeneranso kudziwa kuti kudula mutu wonse wa mtengo, kumene kuli kofala m'mizinda ya m'dziko muno, sikuthetsa vuto. Mtengo wodulidwa motero umaphuka nthambi zambiri zokula msanga zimene sizilumikizika mwamphamvu ndi thunthu, ndipo bala lalikulu la pamwamba limalowetsa madzi ndi kuola. Patapita zaka zingapo mtengowo umakhala woopsa kuposa kale, ku nyumba ndiponso kwa munthu amene adzaukweranso. Kucotsa nthambi zocepa zosankhidwa bwino mtengo ukali waung'ono, ndi kusabzala bulugamu pansi pa nthambo za magetsi kapena pafupi ndi khoma, kumacepetsa nchito yoopsa ya m'tsogolo.

Zimene boma lingacite

Sizingatheke kuti malamulo onse a ku Britain atengedwe monga alili. Buluku lapadera limene ulusi wace umatsamwitsa cheni isanafike pa mnofu, lamba wokwerera ndi zingwe zoyesedwa zimacokera kunja ndipo n'zodula kwa munthu wa ganyu. Lamulo lokakamiza zida zimene anthu sangakwanitse lingangocititsa kuti nchitoyi izigwiridwa mobisa. Komabe pali zinthu zitatu zimene zingatheke ndi mabungwe amene alipo kale.

Coyamba ndi kuwerenga. Zipatala, apolisi ndi makhonsolo atamalemba kuti munthu anavulala ali pa nchito yodula mtengo, dziko lingadziwe kukula kwa vutoli ndi nyengo imene limakula. Popanda ziwerengero, nchito imeneyi sidzafika pa tebulo la okonza bajeti.

Caciwiri ndi maphunziro aafupi. Dziko lili ndi sukulu ya zankhalango ya Zambia Forestry College ku Mwekera pafupi ndi Kitwe, ndiponso bungwe la TEVETA limene limavomereza maphunziro a nchito za manja. Maphunziro a masiku ocepa, ophunzitsidwa m'zinenero za m'dziko muno, okhudza kasamalidwe ka chainsaw, kagwetsedwe ka mtengo, mfundo za cingwe ndi cithandizo coyamba, angapatse wodula pepala loonetsa kwa ofuna nchito yace. Makhonsolo, masukulu, machalichi ndi makampani atayamba kupereka nchito kwa okhawo amene ali ndi pepalalo, ena onse angalifunefune okha.

Cacitatu ndi kutsegula khomo la cipepeso kwa odzilemba okha. Odula mitengo atapanga magulu olembetsedwa angathe kugula zida pamodzi, kubwerekana, ndi kukambirana ndi thumba la cipepeso monga gulu. Njira zolipirira pa lamya zimene anthu azizolowera kale zingathandize kuti zopereka zazing'ono zizisonkhanitsidwa popanda ulendo wa ku ofesi.

Mu 2023 bungwe la ILO linalengeza kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa caka ciliconse pa dziko lonse cifukwa ca ngozi ndi matenda a pa nchito. Pa 28 Epulo caka ciliconse dziko la Zambia limagwirizana ndi maiko ena kukumbukira tsiku la citetezo pa nchito, ndipo pa misonkhano yotere pamaoneka zisoti ndi majekete owala a makampani akuluakulu. Odula mitengo a pa cikwangwani ca m'mbali mwa mseu sapezekapo. Iwo adzaonekanso mu Okutobala, pamwamba pa bulugamu, mvula ikuyandikira. Kuti atsike amoyo zidalira zimene unduna wa za nchito, makhonsolo, ZESCO ndi eni nyumba adzakhale atacita nyengoyo isanafike.